Sienta yodya malamba: lipoti la ntchito ya eyakoni pa injini ya 1NZ-FE

Galimoto yomwe ndikufotokoza pano ndi Toyota Sienta ya 2008, yokoka ndi matayala akutsogolo okha, injini yake 1NZ-FE ya malita 1.5. Inalowa m'dziko muno kuchokera ku Japan itayendako kale, monga zimakhalira ndi ma Sienta ambiri, ndipo pofika pa galaja yathu ku Biwi mu Lilongwe inali itadutsa makilomita 190,000. Mwini wake ndi mayi wina wochita bizinesi ya hayala. Mkati mwa sabata galimotoyi imanyamula anthu pakati pa Lilongwe ndi Salima mumsewu wa M14, koma ndalama zenizeni zimabwera Loweruka ndi Lamlungu, ikatengedwa ndi mabanja opita kunyanja ku Senga Bay. Anthu amenewo akalipira hayala amafuna eyakoni, safuna za kutsitsa mawindo. Ndatchuliratu zimenezi chifukwa zinakhudza zomwe tinagwirizana pamapeto pake.

Dandaulo ndi mbiri yake

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Adalaivala, bambo wachikulire ndithu, anafika ndi mawu ochepa: "Amakaniki, galimotoyi ikudya malamba. Uyu ndi wachitatu chiyambire Ogasiti, ndipo wayambanso kulira."

Munthu akanena choncho sindithamangira kutsegula boneti. Ndimayamba ndamukhazika pansi kuti afotokoze mwandondomeko, chifukwa lamba wabwino pa injini imeneyi amatha zaka. Atatu m'miyezi itatu ndiye kuti pali chomwe chikuwapha, ndipo kawirikawiri chimayamba kuonekera m'nkhani ya dalaivala chisanaonekere pa injini.

Nkhani yake inali yotere. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi eyakoni sinayatsidwe n'komwe, popeza mafuta ndi odula ndipo kunalibe woifuna. Kumayambiriro kwa Ogasiti atayiyatsa anapeza kuti ikuziziritsa mwaulesi. Anapita kwa anyamata ena othira gasi m'mbali mwa msewu, omwe anathira kachitini kamodzi popanda geji komanso popanda kuyamba apopa zomwe zinali m'mapaipi. Zinasinthako pang'ono. Patapita masabata angapo anabwereranso, anyamata aja n'kuthiranso kena. Kuyambira pamenepo lamba anayamba kulira tswiii akangodina batani la AC, makamaka masana galimoto itaima pa siteji.

Makaniki woyamba anachotsa lamba wobwera ndi galimoto n'kuika watsopano. Kulira kuja sikunachedwe kubwerera, ndipo adalaivala anayesa mankhwala apamsewu: poyamba sopo, kenako buleki fuluwidi. Lambayo anafewa n'kuyamba kusendeka. Makaniki wachiwiri anaika wina, ndipo pofuna kuti kasitomala asabwerenso ndi dandaulo lomweli, anakoka alitaneta ndi chitsulo chachitali mpaka lamba kuuma gwa. Kulira kunathadi. M'malo mwake munayamba kumveka mkokomo wapansipansi, womwe unalipo kaya eyakoni yayatsidwa kaya ayi. Lamba wachiwiriyu anavuka pa mapule, timawilo tomwe lamba amayendapo, galimoto ikukwera zitunda pochokera ku Salima, cha kufupi ndi ku Mvera. Wachitatu anaikidwa pamsewu pomwepo, nayenso anakungidwa nganganga.

Apa pali chinthu chomwe eni galimoto ambiri sachidziwa. Pa ma Hiace akale a injini ya 3L kapena 5L, eyakoni ili ndi lamba wakewake. Akavuta mutha kumuchotsa n'kupitiriza ulendo, mungomva kutentha basi. Pa 1NZ-FE sizili choncho. Lamba mmodzi yemweyo ndiye amazunguza kompuresa ya eyakoni, alitaneta ndi pampu ya madzi. Akaduka kapena kuvuka, batire limasiya kutchaja ndipo madzi amasiya kuyenda mu injini nthawi yomweyo. Adalaivala anati nyali ya batire itayaka anayendabe pang'ono kuti apeze poima pabwino, ndipo nyali yofiira ya kutentha itangoyaka anazimitsa injini. Anachita bwino. Komabe izi zinatanthauza kuti ndisanakhudze za eyakoni ndinayenera kutsimikiza kuti hedi gasiketi sinapse. Mu rediyeta munalibe thovu injini ikuyenda, pansi pa chotsekera cha oyilo panalibe zoyera ngati mkaka, ndipo kompuresheni inali yofanana m'masilinda onse anayi. Injini inapulumuka.

Zomwe lamba ndi mapule anaonetsa

Lamba yemwe tinamupeza anali ndi nambala yoyenera, 4PK1180. Kwa osadziwa kawerengedwe kake, 4 ndi kuchuluka kwa mizere ya mkati, PK ndi mtundu wa mizereyo, ndipo 1180 ndi kutalika kwa lamba m'mamilimita. Ndiye vuto silinali la saizi. Koma ngakhale anali wa masabata ochepa, mizere yake inali itayamba kale kunyezimira chifukwa chopsa, ndipo m'mphepete mwake mbali yoyang'ana kunja munali mutadyeka mpaka ulusi kuonekera. Mbali yoyang'ana ku injini inali bwinobwino. Lamba wongokalamba sadyeka mbali imodzi. Akadyeka choncho ndiye kuti pali pule yomwe ikumukankhira pambali. Kuzungulira kompuresa kunali fumbi lakuda bii la labala, pomwe pa alitaneta panali poyera.

Ndinayeza kukungika kwake. Buku la Toyota la injini imeneyi limati mukakanikiza pakati pa lamba ndi mphamvu ya makilogalamu 10, lamba watsopano azilowa mamilimita 7 mpaka 8.5, ndipo wogwira kale ntchito azilowa 11 mpaka 13. Uyu ankalowa mamilimita 4 okha. Mabering'i onse omwe lambayu amadutsapo ankakokedwa ndi mphamvu yomwe sanapangidwire.

Pali kuyesa kwina kosavuta komwe ndimachita lamba ndisanamuchotse: kupopera madzi pang'ono pamizere yake injini ikuyenda. Phokoso likakula ndiye kuti lamba akuterereka, kaya chifukwa chokhwepa kaya chifukwa cha katundu wolemera. Likatha kwa kamphindi n'kubwereranso, mapule sakuyang'anizana bwino. Pa galimotoyi zonse ziwiri zinalipo. Eyakoni ili yozimitsa, kaphokoso ka tsi-tsi-tsi kanatha ndi madzi n'kubwerera. Eyakoni itayatsidwa, kulira kwakukulu kuja kunawonjezekera. Mavuto anali awiri osiyana, ndipo kusintha lamba sikukanathetsa ngakhale limodzi.

Titachotsa lamba ndinazunguza pule iliyonse ndi dzanja. Ya alitaneta inkazungulira bwino, ngakhale ndikaika khutu pafupi ndinkamva kuuma pang'ono. Ya pampu ya madzi inkagwedera pang'ono ndikaikoka cham'mbali, ndipo pansi pa kabowo kake kotayira panali timiyala touma ta pinki, chizindikiro choti madzi a rediyeta ayamba kudontherapo. Pule ya pa kirankishafuti ndinaijambula mzere ndi choko kuyambira mkati mpaka kunja kuti ndione ngati labala wapakati pake wamasuka. Titalizitsa injini pambuyo pake mzere uja unali wosaduka. Siyilo ya kutsogolo kwa injini inali youma, ndiye panalibe oyilo wofikira pa lamba.

Mwini mkokomo uja anali pule ya kompuresa. Poizunguza inkamveka ngati muli mchenga, ndipo poigwira m'mbali ndi manja awiri inkachita gwedegwede moonekera ndi maso. Ndinaika rula yachitsulo kuchokera pa pule ya kirankishafuti, ndipo ya kompuresa inali itapendekera. Girisi wa m'bering'i anali atasungunuka n'kumwazikira kumbuyo kwa pule.

Kuti izi zimveke bwino ndifotokozeko momwe malo amenewa amagwirira ntchito. Pule ya kompuresa imazungulira nthawi zonse injini ikamayenda, pa bering'i yakeyake, kaya eyakoni yayatsidwa kaya ayi. Kutsogolo kwake kuli kambale kachitsulo kolumikizidwa ku shafuti ya kompuresa, ndipo kumbuyo kuli koyilo ya magetsi. Mukadina AC, koyilo imasanduka maginito n'kukokera kambale kaja pa pule, pamenepo kompuresa imayamba kupopa. Ndiye kilatchi ya eyakoni imeneyo. Pakati pa kambale ndi pule pamayenera kukhala mpata wa pafupifupi theka la milimita. Pa galimotoyi mpata unali 0.9, ndipo nkhope zonse ziwiri zinali zitabiriwira ndi kutentha. Kilatchi inkaterereka, kutentha kwake n'kumapsereza girisi wa bering'i yomwe inali ikukokedwa kale mopyola ndi lamba wouma uja.

Chomwe chinandikhazika mtima pansi n'chakuti kambale kaja ndikakazunguza ndi dzanja, shafuti ya kompuresa inkayenda mofewa popanda kugwira pena paliponse. Kompuresa yeniyeniyo sinali itagwira. Makaniki ambiri akaona lamba wopsa pa kompuresa amagamula nthawi yomweyo kuti yafa, mwini galimoto n'kugula ina pachabe. Kuyesaku n'kongogwira ndi dzanja basi.

Mbali ya gasi

Funso lomwe linatsala linali loti n'chiyani chinayambitsa kulira koyambirira kuja, wina asanakunge lamba mopyola. Ndinabwezeretsa lamba yemweyo pa muyezo woyenera kwa kanthawi kochepa, n'kulumikiza mageji. Galimotoyi imagwiritsa ntchito gasi wa R134a. Mageji amayeza mphamvu ya kukankha kwa gasi mu MPa. Zinthu zikakhala bwino, mbali yotsika, komwe gasi amalowera mu kompuresa, imaonetsa pakati pa 0.15 ndi 0.25 MPa, yokwera, komwe amatulukira, pakati pa 1.4 ndi 1.6 MPa, ngakhale tsiku lotentha kwambiri imakwererako pang'ono. Nditayatsa eyakoni, singano ya mbali yokwera inanyamuka osaima, kudutsa 2, kudutsa 2.5, mpaka kufika cha m'ma 3. Pamenepo switchi yoteteza, yomwe pa ma Toyota amenewa imadula cha pa 3.1 MPa, inazimitsa kilatchi. Singano itatsika pang'ono kilatchi inagwiranso, lamba n'kulira tswiii, singano n'kukweranso. Zinkangobwerezabwereza choncho. Kugwira kulikonse kunali kukoka kwadzidzidzi pa lamba, kompuresa ikuyamba kupopa motsutsana ndi mphamvu yowirikiza kawiri yomwe inayenera kukumana nayo. Palibe lamba wa mizere inayi yemwe angapirire zimenezo.

Fani ya rediyeta inkayaka bwino. Nditathira madzi a m'paipi pa kondensa, yomwe imakhala kutsogolo kwa rediyeta n'kumaziziritsa gasi wa eyakoni, singano inagwa nthawi yomweyo, kusonyeza kuti kondensa sinkataya kutentha. Poiyang'ana kutsogolo inkaoneka yabwinoko, kupatula timapepala take topyapyala tomwe tinali titagona m'malo ambiri, ntchito ya makina opopera madzi mwamphamvu a kotsukitsa galimoto. Titamasula rediyeta pamwamba n'kuiweramitsira kumbuyo, mnyamata wanga anaunika ndi tochi n'kundiitana kuti, "Madala, tabwerani mudzaone." Pakati pa kondensa ndi rediyeta panali fumbi, njere za udzu, nthenga ndi tizilombo touma, zonse zitalukana ngati chiguduli, kuphimba pafupifupi theka la m'munsi. Malo amenewa saoneka kuchokera kunja, ndipo palibe wotsuka galimoto amafikapo. Galimoto ikamathamanga mphepo inkadutsako mokakamiza, n'chifukwa chake eyakoni inkaziziritsako pamsewu koma n'kumafooka pa siteji.

Ndiye eyakoni yaulesi ija ya mu Ogasiti kwenikweni sinali ya kuchepa kwa gasi. Inali ya kondensa yotsekeka. Timachitini tiwiri tija tinangowonjezera moto. Titakoka gasi yense ndi makina n'kumuyeza pa sikelo, anapitirira muyezo wolembedwa pa kapepala ka pansi pa boneti ndi magalamu pafupifupi 200. Mosakayikira munalinso mpweya wamba wolowera popanda kupopa, ndipo mpweya umenewu umakwezanso singano ya mbali yokwera. Ndinene mosabisa kuti kuthira gasi popanda geji ndi sikelo si ntchito ya eyakoni. Eyakoni imafuna gasi wokwanira ndendende, ndipo wochuluka nayenso amawononga.

Mndandanda wa zomwe zinachitika unali utaoneka tsopano. Kondensa inatsekeka, gasi anawonjezeredwa kawiri, kompuresa inalemera, lamba anayamba kuterereka, wina anamukunga mopyola, bering'i ya pule inatha, pule inapendekera n'kuyamba kudya lamba m'mphepete mpaka kumuvula. Pampu ya madzi inavulalira momwemo.

Kukambirana ndi mwini galimoto

Mayi aja anabwera okha titawaimbira. Ndinawaonetsa pule yogwedera ija m'manja mwawo ndi zomwe tinatulutsa kuseri kwa kondensa, popeza munthu yemwe walipira kale malamba atatu sakhulupiriranso mawu okha.

Adalaivala anabweretsa ganizo lomwe ndimalimva kawirikawiri: "Bwanji tingoika lamba wamfupi wolambalala kompuresa, eyakoniyo tiiwale?" Pa injini imeneyi zimatheka, chifukwa pali galimoto zina za injini yomweyi zomwe zinatuluka zopanda eyakoni, ndipo kwa munthu wofuna kungofika kunyumba ndi njira yabwino. Koma mayi anakana asanamalize n'komwe. "Iyayi bambo, hayala ya kunyanja ndi yomwe imalipira sukulu ya ana. Amakaniki, tandiuzani za kukonza."

Njira zinali zitatu. Yoyamba, kompuresa yatsopano yathunthu, yomwe mtengo wake unali wosayenerera pa vuto limeneli. Yachiwiri, kompuresa yochotsa pa galimoto ina. Imeneyi ndinaikana ndekha, chifukwa kompuresa yomwe yakhala pa shelefu mabowo ali pululu sudziwa zomwe zalowamo, pomwe yawoyi tinali titaiyesa ndipo inkapopa mwamphamvu, mwinanso mopyola. Yachitatu inali kusintha za kutsogolo zokha: pule ndi kambale zochotsa pa kompuresa ina yofanana yomwe nkhope zake zinali zisanapse, bering'i yatsopano, koyilo n'kusiya yomweyo ngati ili bwino. Tinagwirizana yachitatuyi.

Pomwe tinalimbana panali pa pampu ya madzi. Mayi ankaona ngati ndikuwonjezera ntchito, poti galimoto sinali kutaya madzi moonekera. Ndinawauza kuti pampu yomwe yayamba kugwedera sibwerera m'mbuyo, kuti ikadzagwira idzadula lamba watsopanoyo, ndipo ulendo umenewo mwina injini sidzapulumuka ngati pa Mvera paja. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Sinthani." Za alitaneta ndinawauza zoona, kuti bering'i yake yayamba kuuma koma ikhoza kudikira, bola tizimvetsera.

Pa lamba weniweniyo sindinalole zotchipa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masipeya anakwera kwambiri, ndipo m'mashopu munachuluka malamba otsika mtengo, ena olembedwa mayina a makampani odziwika koma ali achinyengo. Lamba weniweni wa Bando, Mitsuboshi kapena Gates zilembo zake zimakhala zooneka bwino zosafufutika ndi chala, mizere yake yofanana kuzungulira konse, m'mphepete modulidwa bwino popanda ulusi wolendewera. Wachinyengo amatamuka m'masiku ochepa, munthu n'kumangokunga, kumangokunga, mpaka alitaneta kufika kumapeto kwa kanjira kake.

Ntchito yomwe tinagwira

Tinayamba ndi kuchotsa waya wa negetivu pa batire, kukweza galimoto n'kuikhazika pa masitandi, n'kuchotsa tayala lakutsogolo la kumanja. Mapule a injini imeneyi amafikirika bwino kuchokera mmenemo. Chophimba cha pulasitiki chomwe chimayenera kukhala pamenepo kuteteza lamba ku madzi ndi matope panalibe. Adalaivala anati chinatsala pa Mvera tsiku lija. Ndinachilemba pa zofunika kugula.

Pa injini imeneyi palibe tenshona yodzikunga yokha ngati ya pa Hilux ya D-4D. Lamba amakungidwa ndi alitaneta. Pali bawuti ya sipanala 14 pansi, pomwe alitaneta imazungulirapo, ndi ya sipanala 12 pamwamba, pa kachitsulo kokhala ndi kanjira. Zonse ziwiri zimayenera kumasulidwa. Ambiri amamasula yapamwamba yokha n'kumalimbana ndi alitaneta ndi chitsulo, mapeto ake kuthyola khutu lake.

Kilatchi tinaisinthira pa galimoto pomwepo, kompuresa titaimasula pa mabawuti ake kuti ipendekere poonekera. Tinachotsa bawuti yapakati, kambale, timashimu (timawashala topyapyala tosinthira mpata uja) tomwe timakhala kuseri kwake, kenako sakilipu yogwira pule. Timashimu timeneti n'tating'ono kwambiri ndipo tikagwera m'dothi sitipezeka, ndiye ndimayala nsalu pansi. Koyilo inaonetsa ma ohm pakati pa 3 ndi 4, ndipo pulasitiki wake sanasungunuke, choncho inatsala. Bering'i yatsopano tinailowetsa mu pule ndi puresi, kukankha pa mkombero wake wakunja. Kuimenya ndi hamala pakati n'kuipha isanayambe ntchito. Titabwezeretsa zonse ndinasintha mashimu mpaka mpata unafika 0.5 poyeza malo atatu kuzungulira kambale. Rula yachitsulo ija inagona bwino pa mapule onse.

Pampu ya madzi inalowa yatsopano ndi gasiketi yake, madzi a rediyeta n'kuthira atsopano a pinki. Kondensa tinaitsuka kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo ndi madzi a paipi wamba, osati opopera mwamphamvu, n'kuwongola timapepala togona tija ndi kachipeso kake. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo inadya nthawi kuposa kusintha kilatchi. Rediyeta nayonso tinaitsuka.

Lamba asanalowe, tingalande ta mapule onse tinatitsuka ndi burashi ya waya ndi sopo. M'tingalande ta pule ya kirankishafuti munali labala wopsa wosakanikirana ndi zotsalira za buleki fuluwidi uja, zitauma gwa. Lamba watsopano akakhala pa zinyalala zotere safika pansi pa ngalande, ndipo amayamba kulira tsiku lomwelo ngakhale atakungidwa bwino.

Poika lamba ndinamaliza ndi pule ya alitaneta, kenako ndinapapasa ndi chala pansi pa pule iliyonse kuti ndimve ngati mizere yonse inayi yakhala m'malo mwake. Pule ya kompuresa ndi yomwe imanamiza, chifukwa kuchokera pamwamba simuona ngati lamba walumpha mzere umodzi. Ndinakankha alitaneta ndi chitsulo chachifupi, mnyamata n'kumanga bawuti yapamwamba, ndikuyeza mpaka lamba akulowa mamilimita 8. Bawuti yapamwamba imamangidwa pa 19 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira bawuti), yapansi pa 54 Nm. Tinalizitsa injini mphindi zisanu n'kuyezanso. Malinga ndi buku la Toyota, lamba yemwe wayenda mphindi zisanu pa injini amawerengedwa kale ngati wogwira ntchito, ndiye kuyambira pamenepo muyezo wake ndi wa 11 mpaka 13 uja. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amapeza lamba wakhwepako pang'ono atayenda, n'kumubwezera pa muyezo wa watsopano, kapena kupitirira.

Kumbali ya gasi, tinasintha timavavu ta pothirira chifukwa ka mbali yotsika kankatulutsa thovu tikapaka sopo. Tinapopa mpweya wonse ndi vakyumu kwa theka la ola, n'kutseka kuti tione ngati singano ibwerera. Sinasunthe. Tinabwezera oyilo wa kompuresa wofanana ndi yemwe anatuluka pokoka gasi, wa mtundu wa ND-OIL 8 womwe makompuresa a Denso amenewa amafuna, kenako gasi wa R134a poyeza pa sikelo molingana ndi kapepala ka pa boneti.

Titayatsa eyakoni kilatchi inagwira ndi kaphokoso kamodzi ka "tha", lamba ali chete. Mbali yotsika inakhazikika cha pa 0.2, yokwera cha pa 1.6 MPa, masana kunja kukutentha. Mphepo yotuluka pakati pa dashibodi inatsika kufika madigiri 8. Ndinaisiya galimoto itaima padzuwa eyakoni ikugwira, magetsi onse atayatsidwa kuti alitaneta nayo ilemere, chifukwa pamenepo ndi pomwe vuto linkaonekera. Kenako tinayenda nayo mpaka ku Kanengo n'kubwerera m'mizere ya galimoto ya madzulo. Pobwera ndinagwira pakati pa pule ya kompuresa injini itazima. Panali pofunda chabe.

Zomwe ndinawauza adalaivala

Sindinawapatse malamulo ambiri. Ndinawaonetsa pokanikiza lamba ndi chala chachikulu injini itazima, kuti adziwe mmene lamba wokungidwa bwino amamvekera. Ndinawauza kuti asadzapakenso sopo, buleki fuluwidi kapena oyilo, ndipo lamba akalira abwere tidzaone chomwe chikumuliza. Ndinawachenjezanso kuti malamba amasiku ano ambiri ndi a labala wa EPDM, yemwe sachita ming'alu msanga ngati akale. Amatha mwa kuperepeseka mizere pang'onopang'ono, ndiye kuyang'ana ming'alu yokha sikukwanira. Timing'alu tating'ono todutsa mizere si toopsa, koma pakasowa kachidutswa ka mzere, kapena ulusi ukaonekera, lamba watha. Eyakoni aziyiyatsa mphindi khumi sabata iliyonse ngakhale mu Juni, kuti oyilo azizungulira ndipo masiyilo asaume. Kotsukitsa galimoto asamalole kuloza chopopera champhamvu pa kondensa. Ndipo nyali ya batire ikadzayaka ali pa ulendo, ayime msanga n'kuyang'ana lamba, osadikira yofiira.

Itabweranso

Galimoto inabwera itayenda makilomita pafupifupi 1,000 monga tinapangana. Lamba ankalowa mamilimita 13, kumapeto kwa muyezo, ndipo ndinamubwezera pa 11. M'mphepete mwake monse munali mosalala, pa kompuresa panalibe fumbi lakuda, mpata wa kilatchi unali pomwe tinausiya.

Mvula itayamba mu Disembala adalaivala anaimba kuti lamba akulira kamphindi akadutsa pa zithaphwi. Chophimba cha pulasitiki chija chinali chisanagulidwe. Tinachipeza kwa ogulitsa masipeya ochotsa pa galimoto zina, tinachimanga, kulira kuja n'kutha. Tsiku lomwelo ndinamvetsera alitaneta ndi sikuludiraiva yaitali khutu lili pa chogwirira, ndipo kuuma kuja kunali kutakula poyerekeza ndi mu Okutobala. Tinagwirizana ndi mayi aja kuti mabering'i ake awiri tidzasinthe pa sevisi yotsatira, ndipo tidzatsegulanso kuseri kwa kondensa udzu ukauma mu Meyi.